Penti Wanga wa Buluu pa Khoma la Anangozo

Iwe Yamikani, iwe Chisomo, ndi ena nonse amene muwerengerane pepalali, ndachita kulemba chifukwa ndikatsegula pakamwa maso anu amathawira pa foni. Zilembozi ndi za munthu amene adalekeza sukulu Sitandade 4, ndiye pamene pakhota muwongole nokha. Mukafuna kuseka sekani, ine ndayamba kale kukusekani.

Dzana kondakitala wa minibasi wanditulira zitini zitatu za penti pa Mtakataka, ati zachokera kwa Yamikani ku Lilongwe. Uthenga wake ati mudzabwera Lachinayi la sabata ya chinkhoswe cha Chisomo, mudzapake nyumba yonse tsiku limodzi, Loweruka alendo adzaipeze ikunyezimira. Tsiku limodzi. Ndamva kuti iwe Yamikani udaonera pa foni munthu akugubuduza rola pakhoma, basi wasanduka mmisiri. Ndipo iwe Chisomo, mkazi wanga wamng'ono amene ukundithawa kutsata mnyamata wa ku Golomoti, wavomereza zimenezi. Ukufuna akuchimuna adzakhale pakhonde, pochoka atenge khoma lathu kumsana kwa majekete awo?

Khalani pansi mumve. Khoma limene mukufuna kuseweretsali lidatsala pang'ono kundithetsera banja, mayi anu asanabadwe n'komwe.

Sukulu ndidaisiya chifukwa cha mtima womwewu mumaudandaulawu. Mphunzitsi adandikwapula pa mlandu wa mnzanga, ine ndidatenga sileti n'kuliphwanya pamwala iye akuona, basi ulendo. Nditakula pang'ono ndidakwera sitima kupita ku Salima. Sitima imeneyo simuidziwa inu okwera minibasi zothinana. Inkaima paliponse ngati munthu wodwala m'mimba, koma pazenera unkagula chambo chowamba ndi mbatata yootcha yotentha, osati tchipisi chanu chozizira cha m'jumbo. Ku Salimako ndidalowa gulu la amisiri opaka nyumba. Miyezi inayi yathunthu sadandigwiritseko bulashi. Ntchito yanga inali kupala, kukwecha, kusesa, mawa kupalanso. Ndinkaona ngati chipongwe. Tsiku lina ndidamuuza kapitawo kuti ine sindidabwere kudzakanda makoma ngati nkhuku, ndidamuwonjezera ndi mawu ena amene sindilemba pano poti Chisomo ndi wa kwaya. Ndidachoka ndili ndi nzeru imodzi yokha, yoti bulashi imapita m'mwamba n'kubwerera pansi. Nzeru yomweyo uli nayo iweyi, Yamikani.

Kenako ndidadzakwatira agogo anu, malemu Anajere, n'kukhala chikamwini m'mudzi uno. Nthawi imeneyo ku Bwanje kunalibe ngalande za mpunga mukuzionazi, kunali dambo ndi udzudzu basi, ndipo ife tinkadalira thonje. Ine ndi agogo anu tinkagona m'kanyumba kaudzu kuseri uku, pamene pali mtengo wa mandimu lero. Nyumba ikuluikuluyi inali ya apongozi anga aakazi, Anangozo. Amuna awo ndiwo adawamangira ndi thukuta la ku migodi ya ku Joni, bambowo n'kumwalira atangogonamo zaka ziwiri. Njerwa zootcha, pulasitala wa simenti, malata pamwamba. M'banja lonse munalibe ina yotero. Chaka chilichonse mvula ikatha Anangozo ankaipaka laimu okha ndi tsache la udzu, m'munsi n'kuzunguliza mzere wa mtsiro wakuda, dothi lozirira lija. Inkaoneka bwino, sindikana. Koma ine, wobwera ku Salima, ndinkati ndi zachimidzi.

Apa mumvetse chinthu chimene inu simudachione. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, sankalankhulana. Mukakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Inu lero mumajambulitsa ndi apongozi mutakolekana manja m'khosi ngati mudavinidwa limodzi. Tsono Anangozo akakhala ndi mawu a ine ankauza mbuzi. Anali ndi mbuzi yamawanga imene inkakonda kugona pakhonde, ndipo ankailankhula mokweza bwino kuti mawu afike kumene ine ndili.

Chaka changa chachiwiri thonje lidachita bwino. Khirisimasi itayandikira ndidati mudzi uno undidziwe. Ndidapita ku Salima kukagula penti wa mafuta, wabuluu ngati nyanja ya masana. Wa m'sitolo adandifunsa ngati ndatenga andakoti, penti woyamba uja amene amagwira khoma kuti winayo adzagwire pa iye.

"Ameneyo amaoneka?" ndidatero ine.

"Saoneka, amakhala pansi."

"Ndiye ndigulirenji chinthu choti anthu sachiona?"

Ndidafika nazo zitini pa njinga kuchokera pa siteshoni, ndikuliza belu popanda wondiimira panjira. Unali Disembala, mvula itagwa kale katatu, makoma atamwa madzi. Anthu a kuno mpaka lero uchitsiru umenewu sadausiye. Amadikira chilimwe chonse dzuwa likuswa mtengo, n'kudzapaka nyumba sabata ya Khirisimasi mvula ili pakati, ati alendo aone. Mu Malichi muziyenda mumsewu wa ku Mua muwerenge nyumba zosupuka ngati njoka.

Nditayamba kutsegula chitini, ndidamva mawu kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe mbuzi, kodi munthu amadzola mafuta asanasambe?"

Ine ndidangopitiriza kutakasa penti.

"Iwe mbuzi, khoma limenelo lanyowa mpaka m'kati. Ndipo laimu ali pamenepo ndi wa zaka khumi, wina pamwamba pa mnzake. Ine ndikafuna kuzira ndimayamba ndachotsa mtsiro wakale wofumbutuka. Kaya za ku Salima."

Magazi adandikwera. Sindikadawayankha iwo, ndiye ndidayankha mbuzi yomweyo. "Mbuzi iwe, uwauze anthu kuti penti si dothi. Za dothi azidziwa iwo, za penti azisiyire amene adapita kumene amapanga."

Agogo anu adandikoka malaya, ine ndidawakankha dzanja. Ndidapaka nyumba yonse tsiku limodzi, kuyambira pansi penipeni mpaka kumalata, penti wochindikala kuti laimu asaonekere. Tsiku limodzi, Yamikani. Wamva kumene udatengera?

Pa Khirisimasi anthu ochokera ku tchalitchi ankapatuka kudzaona. Ndidavala malaya oyera n'kuima pambali ngati mwini sitolo. Masabata atatu ndidali munthu.

Zidayambira pakhonde. Pakhoma padatuluka zigamba zozungulira zisanu, zondondozana, pa msinkhu wa munthu wokhala pansi. Penti adakwinyika pamenepo n'kuyamba kumatuka. Poyamba palibe adamvetsa, mpaka mayi wina adaseka n'kugwa pansi. Pakhondepo m'pamene amayi a m'banjamo ankakhala masana kukana tsitsi ndi kusenda mtedza, mitu atadzola mafuta a nsatsi, atatsamira khoma. Zaka ndi zaka mafutawo adalowa mu laimu, ndipo penti sagwira pa mafuta. Aliyense adapeza mutu wake. "Apa ndi panga, apa ndi pa Anangozo, aka kakang'onoka ndi ka Najere." Anthu ankachokera midzi ina kudzaona mitu ya pakhoma.

Kenako mbali yoombedwa ndi mvula idatuluka matuza ngati mwana wapsa ndi phala. Ukaboola limodzi munkatuluka madzi. Penti wa mafuta amatseka khoma ngati jumbo, chinyezi chili m'kati chikafuna potulukira chimamukankha. M'munsi, pamene ndidakwirira mtsiro, mudamera zoyera ngati nkhungu. Ndidalawa, mchere. Nthaka ya kuno ili ndi mchere, umakwera ndi madzi m'njerwa, ukauma umatupa n'kutukula chilichonse chili pamwamba. Mbali ya kukhitchini, kumene utsi wowambira nsomba udadetsa khoma, penti ankachoka ndi chala. Kwina konse ankasendeka zikuluzikulu ngati chikopa, ukatembenuza kumbuyo kwake kuli mbuu, laimu wakale. Penti wanga sadagwire khoma ngakhale malo amodzi. Adagwira fumbi, fumbilo n'kumusiya. Mbuzi ija idayamba kusenda ndi mano, n'kumayenda m'mudzi ndevu zili buluu.

Munthu wanzeru akadakhala pansi. Ine ndidatenga penti wotsala n'kupakanso pamwamba pa matuza, mu Febuluwale, mitambo ili bii. Patatha sabata nyumba ya Anangozo inkaoneka ngati galu wa mphere.

Adabwera a Damiyano, mlongo wawo wa Anangozo, mwini mbumba, amenenso anali nkhoswe ya agogo anu. Adandiitanira pansi pa mtengo wa bwemba. Anali munthu wosakweza mawu, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kukalipa.

"Akamwini, nyumba ija adakupemphani ndani kuti muipake?"

"Palibe. Ndimafuna kuthandiza."

"Mwathandiza. Alamu athu adasiya mapapo awo ku mgodi kuti mlongo wanga agone pabwino, inu mwaisandutsa choseketsa ana. Pakamwa panu tidapapirira chaka chatha. Izi ayi. Mvula ya chaka chamawa ikadzatha khoma lija lili choncho, mudzakwere njinga yanu. Mwana wathu adzatsala, ndi chimene wanyamulacho."

Agogo anu anali ndi pakati pa Malita, mayi wanu inu awiri. Ndidapita kukanyumba kathu, ndidamenya chitini ndi phazi mpaka kuthyola chala ichi mumachiseka chopindikachi, ndidamanga bulangete pa njinga. Ndidati sindidikira mvula yamawa, ndipita lero. Agogo anu anali kupeta mphale pakhomo, sadadzuke n'komwe.

"Mukupita?"

"Ndikupita. Kwathu sindidaphe munthu."

"Pitani bwino. Koma khoma lanulo mulitenge, muli ndi kaliyala."

Ndidaima ndi njinga m'manja nthawi yaitali. Ndikadapita, dzina langa m'mudzi uno likadakhala la munthu wa mitu ya pakhoma mpaka kalekale, ndipo mwana wanga akadakula akulimva. Ndidamasula bulangete. Sindinena kuti ndidadzichepetsa, musandinamizire pa maliro anga. Ndidangopsa mtima mbali ina.

Ndidafuna kuyamba mawa lake lomwe, koma kuseri kwa nkhokwe kudamveka mawu. "Iwe mbuzi, chilonda sachimanga chikadatuluka madzi. Adikire mwera."

Ndidadikira Malichi, Epulo, Meyi, ndikudutsa pa nyumba yosupukayo tsiku ndi tsiku, anyamata akundifunsa ngati ndingawapakireko nkhuku zawo. Mphepo ya mwera itayamba, m'mawa wina ndidapeza pakhomo pathu khasu lotha, lopanda mpini, lonoledwa mbali imodzi. Ndidadziwa mwini wake. Ntchito ija ndidaitukanira kapitawo ku Salima idandipeza kuno. Ndidapala masabata awiri, buluu yense, laimu yense wa zaka khumi, mpaka pulasitala adaonekera. Ndikati ndamaliza, Anangozo ankadikira ndichoke, n'kukasisita khoma ndi chikhatho, kenako n'kupukutira pamsana pa mbuzi. Ndikaona mbuzi ili ndi dzanja loyera pamsana ndinkadziwa kuti ndibwerere.

Nditapambana pamenepo, pakhomo padapezeka mphika wa chidulo, madzi a phulusa aja amayi amaphikira therere. Ndidayesa chipongwe, ndidatsala pang'ono kuuponya. Agogo anu adati, "Inu, chimenecho chimadula mafuta. Mbale za nsomba timatsukira chiyani sopo akasowa?" Ndidakwecha nacho mitu isanu ija ndi khoma la mwaye la kukhitchini, n'kutsukuluza ndi madzi oyera katatu, poti chidulo chikatsalira nachonso chimadya penti. Mchere wa m'munsi Anangozo adandiletsa kuuthira madzi, kudzera mwa mbuzi yomweyo. Ati ukaunyowetsa umabwerera m'njerwa n'kudzatulukanso, uzingousesa wouma. Ndidakumba ngalande kuzungulira nyumba kuti madzi a pamalata asamaime patsinde pa khoma. Ming'alu ndidaikulitsa pang'ono n'kuimata ndi simenti, kenako ndidatenga bulashi.

"Iwe mbuzi, simenti yadzulo ikadali ndi madzi. Akufulumira kuti akakwere sitima?"

Masabata ena anayi. Kenako Anangozo adandionetsa chinthu chimene ngakhale amisiri a ku Salima sindidawaone akuchita. Adatenga mbale yachitsulo, n'kuivundikira pakhoma madzulo, n'kuitsamiritsa ndi mtengo kuti igwire bwino. M'mawa mbale ikakhala ndi thukuta m'kati, khoma likadali ndi chinyezi. Mbali ya mvula ija mbale idachita thukuta masiku asanu ndi limodzi. Lachisanu ndi chiwiri idauma.

Ndidabwerera ku Salima, kwa wa m'sitolo yemwe uja. Adandizindikira. "Mwabwerera wosaoneka uja?" Ndidamuyang'ana moti sadawonjezere. Ndidapaka andakoti wopyapyala, ndidadikira aume, ndidapaka buluu wopyapyalanso kawiri, masiku osiyana, m'mawa fumbi lisanadzuke. Chitseko ndidayamba ndachikwecha ndi mchenga wa kumtsinje pa chiguduli mpaka kunyezimira kwakale kudatha, poti penti sagwira pa chinthu choterera. Inu muli ndi sandipepa, mulibe chowiringula. M'munsi ndidasiya mzere wofika m'bondo wosapaka, Anangozo n'kuuzira ndi mtsiro wawo, kuti chinyezi cha pansi chizikhala ndi potulukira. Zachimidzi zija.

Mvula idabwera yamphamvu chaka chimenecho. Malita anali atabadwa. M'mawa uliwonse ndinkazungulira nyumba ngati mlonda, kufunafuna thuza. Disembala idadutsa, Januwale, Febuluwale. A Damiyano ankabwera Lamulungu lililonse, n'kukanda khoma ndi chikhadabo, n'kumapita. Mvula yomaliza itagwa mu Epulo, khoma linali monga ndidalisiyira.

Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndidaona Anangozo ali pakhonde. Ndidayamba kupatuka monga mwa masiku onse. Mbuzi inali pomwepo, koma sadaiyang'ane. Adayang'ana ine.

"Bambo a Malita, tengani mpando mukhale pano."

Aka kanali koyamba kumva mawu awo akubwera kwa ine osadzera kwa chiweto. Ndidakhala msanga ngati mwana, ine munthu amene ndidatukana kapitawo. Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuchala chopindika chija.

"Koma musatsamire," adatero.

A Damiyano za njinga sadazitchulenso. Ndakhala m'mudzi uno kuyambira pamenepo, ndaika Anangozo, ndaika a Damiyano, chaka chathachi ndaika agogo anu, ndipo palibe wandiuza kuti ndibwerere kwathu. Chichokere nthawi imeneyo nyumbayi ndaipakanso kanayi, ndipo nthawi zonse kupala kumatenga masabata, kupaka masiku. Mmisiri aliyense wa pa Mtakataka amene angakuuzeni kuti amaliza tsiku limodzi mumufunse nyumba imene adapaka chaka chatha, mupite mukaione.

Tsono mverani. Chinkhoswe chatsala masabata asanu, ndipo mwayi wanu ndi woti kunja kwauma. Zitini zanu ndatsekera kuchipinda, kiyi ali m'thumba mwanga. Ndaziyang'ana, zonse zitatu ndi penti wapamwamba, andakoti mulibe. Magazi sanama. Yamikani, ubwere Loweruka lino, osati Lachinayi lako lija, utenge andakoti ndi zovala zoti zide. Nsapato zako zoyera zija uzisiye ku Lilongwe. Khasu la Anangozo lilipo, ndalinola. Mbali ya kukhitchini yang'ambika, tiimate msanga kuti ipeze nthawi youma. Chisomo, iwe udzakwecha ndi sopo, chidulo sindikukakamiza poti sudziwa n'kuchicheza komwe. Ine ndidzakhala pampando ndi mbale yachitsulo, ndipo ndilibe mbuzi, ndidzakuuzani pamaso.

Chinthu chimodzi chokha. Pakhonde, kumanzere kwa chitseko, mudzaona chigamba chozungulira pamene buluu wada n'kuyamba kumatuka. Ndikudziwa kuti chikunyansa, ndipo ndikudziwa mankhwala ake kuposa inu nonse. Agogo anu zaka zawo zomaliza miyendo itakana ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Ndinkawauza tsiku ndi tsiku kuti asatsamire, iwo ankati khoma ndi la amayi awo. Pamenepo musapale, musakwechepo, musapakepo. Akuchimuna akadzafunsa, mudzawauze kuti mmisiri wake ndi waulesi.